Chelo cha Ottilie

Nyimbo itangotha, a Haubold anaika vayolini wawo patebulo n'kupukuta thukuta, ngakhale kunja kunkagwa chipale chofewa.

"Rehfeld, iyi ndiye nyimbo! Loweruka tikaiimbe m'holo yaikulu, Leipzig yense aimve." Kenaka anatembenukira kwa mkazi wa mnzawoyo. "Alamu, inu mwatithandiza kokwanira. Tsiku limenelo chelo adzaimba a Kunze."

Ottilie anali asanaimirire n'komwe. Chelo, chivayolini chachikulu chimene amachiimika pansi n'kuchipana ndi mawondo, chinali chidakali pachifuwa pake.

"Mwati adzaimba ndani?"

"A Kunze. Mwamuna wamphamvu zake, dzanja lolemera."

Alwin Rehfeld, mwamuna wa Ottilie, ndiye anapeka nyimboyo. Inali ya anthu anayi: mavayolini awiri, viyola ndi chelo. Anayamba kuilemba ataika m'manda mwana wawo mmodzi yekhayo, Jette, amene anapita ndi chikuku. Gawo lachitatu linachokera pa kanyimbo kamene Ottilie ankagonekera mwanayo. Nyengo yonse yachisanu awiriwa anaithera pafupi ndi mbaula, Alwin akalemba mzere, Ottilie n'kuuyesa pa chelo, n'kumuuza kuti apa ayi, apa ndiye pomwepo. M'nyumba imeneyo maliro analiridwa choncho.

Koma kwathu kuno tili ndi mwambo wina wonyansa. Mkazi akhoza kuimba piyano pagulu mpaka zala kutupa, anthu n'kumuombera m'manja. Akangokumbatira chelo ndi miyendo, ati walaula mzinda. Oweruza zimenezi ndi abambo omwe aja amene Lamulungu m'mawa timawatola m'ngalande atakhuta mowa.

"Ndalakwitsa pati, alamu?" anafunsa Ottilie. "Lozani mzere umene ndaphonya."

"Simunaphonye kanthu. Koma ng'ombe yaikazi sikoka ngolo, mayi. Akazi a akuluakulu adzadzuka m'mipando n'kutuluka, manyazi adzagwira ife."

"Ngoloyi yafika pano waikoka ndani? Inu mwaipeza ili pakhomo, lero mukufuna kukwera kutsogolo."

Woimba viyola anaseka, a Haubold atawayang'ana kusekako kunasanduka chifuwa. Ottilie anayang'ana mwamuna wake. Alwin anali kusanja mapepala amene anali osanjika kale.

Alendo atapita, Ottilie anatseka chitseko mwamphamvu mpaka makapu analira pashelefu.

"Bambo a Jette, pakamwa panu panalowa chiyani?"

"Mtima pansi, mayi a Jette. A Haubold ndiwo amatsogolera oimba m'holo ija. Akaikana nyimboyi, idzaolera m'kabati. Ndikufuna anthu amve za mwana wathu."

"Amve kwa a Kunze? Anamunyamulapo? Akudziwa kuti pakati pa kanyimbo kaja ndinkaima kaye kuti ndimve ngati akupuma?"

"Ndinalembapo chizindikiro choti apumire."

"Munalembapo chizindikiro!" Ottilie anaomba m'manja kamodzi. "Inu ndinu munthu wamantha, Alwin. Mantha anuwo mwawaveka jekete n'kuwatcha ulemu."

Alwin ankamukonda mkazi wake, izi n'zoona, koma holo ija ankaifunanso, ndipo ankaganiza kuti mkwiyo wa m'nyumba umazirala wokha ngati phala.

Lachinayi a Kunze anabwera kudzayeserera, ndevu zopesa bwino, fungo la fodya lili patsogolo. Anakhala pampando wa Ottilie, mwini mpando n'kupatsidwa ntchito yothira khofi. Atafika pa gawo lachitatu, bamboyo anathamanga nako kanyimbo kaja, uku akugwedeza mutu ndi kunjenjemeretsa zala kuti aliyense aone luso. Popumira paja anangodutsa osaima.

Ottilie anagwetsa mphika wa khofi patebulo. "Mwana angagone ndi phokoso limenelo? Mukugoneka mwana kapena mukuthamangitsa akuba?"

"Anthu a m'holo amasinza tikamakoka nyimbo, mayi," anatero a Kunze akumwetulira.

"Ndiye bwerani, alamu," anatero a Haubold mokoma ngati akugawa mphatso. "Imani kumbuyo kwawoko muwasonyeze poika zala."

Chipongwe chake chimenecho! Munthu umulande munda, kenaka umuitane kuti adzakuphunzitse kugwira khasu. Ottilie anaima pakati pa chipinda.

"Bambo a Jette, ndikukufunsani pamaso pa anzanuwa. Loweruka chelo aimba ndani?"

Alwin anayang'ana a Haubold, kenaka pansi.

"Aimbe a Kunze ulendo uno wokha," anatero ndi mawu otsika. "Pakhomo pano uzidzaimba ndiwe."

Ottilie anatola thireyi n'kulowa kukhitchini, ndipo sanatulukenso mpaka alendo anapita.

Loweruka iye anatsala kunyumba akuchapa. Ku holo zinthu zinayenda bwino kwambiri. Anthu anaimirira, akazi a akuluakulu aja analira m'mipango yawo, ndipo a Kunze anawerama anthu akuwaombera m'manja ngati kanyimboko anakabereka okha.

M'mawa mwake Alwin anadzuka nkhope ikuwala. Anapeza mkazi wake akudula buledi.

"Mayi a Jette, ukanaona! A Haubold akufuna nyimbo ina chaka chisanathe, ndipo mutu wake wandibwerera kale. Tamva." Anang'ung'udza kanyimbo katsopano, chala chikuvina m'mwamba. "Sindikudziwa ngati pa chelo kakukhala bwino. Tabwera ukayese."

Anathamangira pakona, n'kuvundukula nsalu. Chelo chinali pomwepo, koma zingwe zonse zinayi zinali zitachotsedwa.

"Zingwe zapita kuti?"

"Mumbaula."

"Ottilie! Ine ndilemba bwanji osamva? Ukudziwa kuti sindinalembepo mzere wa chelo iwe osauyesa."

"Ndikudziwa," anatero Ottilie, mpeni ukuyendabe pabuledi. "Walira mvula walira matope, bambo. A Kunze amakhala kuseri kwa msika, nyumba yachitseko chobiriwira. Valani jekete, kunja kukuzizira."