Basi Yam'mawa Inamutenga Sunmaya

Torunn Vikane anaphunzitsa masamu pa sukulu ina ya m'mphepete mwa nyanja ku Norway mpaka ana amene anawaphunzitsa kale anayamba kumubweretsera ana awo. Kenaka mtima unayamba kuzilala. Ankalowa m'kalasi, kulankhula, n'kutuluka ngati munthu wongotumidwa. Ndiye atamva kuti pakufunika aphunzitsi odzipereka oti akathandize pa sukulu ina ya kumapiri ku Nepal pa tchuthi chachitali, analembetsa.

"Ndi mawondo akowo?" anamuseka Asbjørn, mphunzitsi wamkulu, akumuthirira khofi. "Masitepe a pano omwe umakwera ukubuula."

"Ukadzamva kuti ndagwera kuphompho, mpando wangawu usadzaupereke kwa munthu wachibwana," anatero Torunn.

Anafika mvula ili pakati. Sukuluyo inali ya zipinda ziwiri, pamwamba pa chitunda, moti nkhungu inkalowera pawindo n'kunyowetsa makope. Mphunzitsi wa pomwepo anali Dhan Kumari Ghale, mayi wochepa thupi, wa mawu osasa chifukwa chophunzitsa makalasi atatu nthawi imodzi. Iyeyu ankamutchula Torunn kuti achemwali, ndipo sankamunyengerera.

"Achemwali, mpunga sitidya ngati nkhuku yodwala. Tapani ndi dzanja lonse, apo ayi phirili likumalizani."

Kutsogolo kwenikweni kunkakhala mtsikana wina wongotha kumene msinkhu, dzina lake Sunmaya. Ameneyu ukamupatsa yankho sankakhutira. "Koma chifukwa chiyani, madamu?" Ukamufotokozera, ankatsinzina diso limodzi n'kufunsanso kwina. Torunn anangozindikira kuti wayambanso kukonzekera maphunziro mwachidwi ngati mphunzitsi watsopano.

Tsiku lina galimoto inakwera phirilo movutikira, pamwamba pake atamangirira bokosi lamaliro ndi zingwe. Ana onse anathamangira pawindo. Munali bambo a Sunmaya, amene anapita kukagwira ntchito yomanga ku mayiko a Aluya. Akuti anangogona osadzukanso. Mtembo anakauwotcha masana omwewo monga mwa mwambo wawo, utsi wake n'kumafika pasukulu.

Masiku a maliro atatha, ana a pachibale anabwerera m'kalasi, koma Sunmaya sanaoneke.

"Bambo ake aang'ono, a Bir Bahadur, akufuna kukamusiya mumzinda, kufakitale yoluka makapeti," anatero Dhan Kumari, akufufuta bolodi. "Akuti zala za ana n'zimene zimatha ntchitoyo."

"Ndiye tingokhala? Tiyeni tipite pompano!"

"Khalani pansi, achemwali. Ndikulankhula ndi mayi ake pang'onopang'ono, kumpopi. Mkazi wamasiye sumufikira ndi phokoso. Akangolimba mtima iye, bambowo aphwa."

"Ine ndikunyamuka posachedwa."

"Ndiye vuto lanu limenelo," anatero Dhan Kumari, osatembenuka.

Torunn anapirira masiku angapo. Koma nthawi iliyonse akafunsa funso, kalasi inkangoti zii, ndipo mtima unkamuwawa. Loweruka masana anatsetsereka yekha kupita kunyumba kwa ofedwawo, matope akumufika m'akakolo.

Pakhonde panali anthu odzapepesa maliro. Anamupatsa mpando ndi tiyi wamkaka. Sunmaya anasuzumira pakhomo, atabereka mlongo wake wamng'ono, n'kubwereranso m'kati. A Bir Bahadur ankamva Chingerezi, poti nawonso anagwirapo ntchito kunja. Torunn anayamba bwinobwino, kutamanda nzeru za mwanayo. Bamboyo ankangogwedeza mutu mwaulemu. Kugwedeza kumeneko n'kumene kunamupsetsa mtima Torunn.

"Bambo, mwanayu ndi wasukulu. Mukamutenga, ine ndikakunenerani kupolisi."

Mawu akuti polisi aliyense anawamva popanda womasulira. Mayi a Sunmaya anadziphimba kumaso ndi nsalu.

A Bir Bahadur anaika kapu pansi mosafulumira.

"Madamu, munabwera pa ndege, mudzabwereranso pa ndege. Mkulu wanganso wabwera pa ndege, mwamuona mmene wafikira. Ana wasiyawa adzadya apolisi anuwo?" Analoza kapu ya Torunn. "Imwani tiyi, akuzizira."

Lolemba m'mawa Torunn anapeza Dhan Kumari ataima pakhomo la kalasi, manja kumbuyo.

"Wapita. Anamukweza basi ya dzulo m'mawa, apolisi anu asanafike. Mayi ake anali atayamba kumva zanga, achemwali. Koma inu munawachititsa manyazi alamu awo pamaso pa anthu, ndiye akanatani?"

Torunn anakhala pa benchi ya ana.

"Mukanakwanitsa inuyo?"

"Kaya. Mwina ndikanalephera, ndalepherapo kambiri. Koma pano sitidzadziwanso."

M'kalasimo munali mipata yambiri tsiku limenelo. Mbiri inali itawanda yakuti mzungu wa kusukulu amaitanira anthu apolisi, ndipo makolo ena, amene ana awo ankajomba nthawi yolima, anangowatsekera pakhomo. Torunn anapitadi kupolisi ya kuchigwa. Wapolisi wachinyamata anamumvetsera mwaulemu, n'kumufunsa dzina la fakitaleyo. Sankalidziwa. Masiku otsalawo anaphunzitsa ana ochepa amene ankabwera. Potsanzikana anamuveka maluwa m'khosi, ana anaimba, Dhan Kumari anamunyamulira chikwama mpaka pamsewu. Sanalankhulane zambiri.

Kwawo anapeza mvula yozizira ndi masamba atayamba kufiira. Asbjørn anali atakonza kale zoti sukulu yonse isonkhane muholo kudzaona zithunzi.

"Usatilize, Torunn. Tionetse mapiri ndi ana oseka."

Anawaonetsa mapiriwo. Anawaonetsa kalasi, njati zolimira, mpunga wobiriwira m'mizere ya m'phiri. Pa chithunzi china Sunmaya anali pabolodi, choko m'manja, akuyang'ana cham'mbali. Mtsikana wina wa m'kalasi la Torunn, Solveig, anakweza mkono.

"Ameneyo akuoneka wanzeru. Akufuna kudzakhala ndani?"

Torunn anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, mpaka aphunzitsi anayamba kuyang'anana.

"Sakupitanso kusukulu," anatero. "Ali ku fakitale, sindikudziwa iti. Panali mphunzitsi amene ankayesetsa kumupulumutsa, ine n'kumusokonezera."

Palibe anaomba m'manja. Asbjørn anayatsa magetsi, n'kuuza ana kuti abwerere m'makalasi mwakachetechete.

Nyengo yachisanu itafika, Torunn anamuimbira foni Dhan Kumari. Mawu ankadukaduka. Ana ena anabwerera, ena ayi. Za Sunmaya panamveka zoti akutsokomola, fumbi la ubweya lamulowa m'chifuwa, koma amene ananena zimenezo anangomvanso kwa wina.

"Chaka chamawa ndibwere?" anafunsa Torunn.

Kumbali inayo kunkamveka ana akulongolola, wina akulira.

"Achemwali, ndili m'kalasi," anatero Dhan Kumari. "Mudzaimbenso."