Lantigua Adikire Pakhomo

Yudelka anali atakulunga kale bandeji kudzanja lamanzere pamene mchimwene wake Wáscar anatulukira kuseri kwa nyumba, kapu ya khofi ili m'manja.

"Ukuchita chiyani, iwe?"

"Mukuona nokha, achimwene. Nkhonya ziyamba masana."

"Bambo tawaika dzana dzanali. Makandulo akadayaka pabalaza, masiku asanu ndi anayi a mapemphero sanathe, ndiye iwe ukamenyane? Anthu ati chiyani?"

Wáscar yemweyu, amene ankaimba foni kuchokera ku Santo Domingo pa Khirisimasi pokha, tsopano ndiye anali mwini mwambo. Komabe sankanama. Kuno ku San Pedro namfedwa saoneka kumasewera mapemphero asanathe. Vuto linali lakuti wopambana tsikulo ndiye akalowa timu ya chigawo, ndipo pa msinkhu wake Yudelka sakanaitanidwanso. Bambo awo, malemu Nicanor, ndiwo anamuphunzitsa nkhonya pabwalo lomweli, pathumba la mchenga limene linkalendewerabe kumtengo wa mango.

"Anene ndi amayi," anatero Yudelka.

Mayi Eduvigis anali chiimire pakhomo, diresi lakuda, kolona ali m'manja. Analowa m'nyumba, ndipo Wáscar anamwa khofi wake ngati munthu amene wawina mlandu.

Mayi anabwerako atagwira kabuku kopanda chikuto, kakuda ndi thukuta. Nicanor anali ndi mulu wa timabuku totere, togula pamsika, tonse tonena za Lantigua: wofufuza milandu woima payekha, chidakwa chothawidwa ndi mkazi, chomenyedwa pafupifupi m'mutu uliwonse koma osasiya mlandu. Wankhonya aliyense amene ankamuphunzitsa asanapite kubwalo, Nicanor ankamuwerengera nkhaniyi akumangidwa manja kuti mtima ukhale pansi.

"Zaka zonsezi ndinkati ndidzakolezera moto timabuku timeneti," anatero mayi, akukhala pampando wa mwamuna wawo. "Iwe, bandejiyo wamanga ngati mtolo wa nzimbe. Wáscar, m'mange manja mlongo wako. Bambo ako anakuphunzitsa usanakhale bwana."

"Koma amayi, anthu..."

"Anthu abwera madzulo kudzamwa khofi wanga. Akanene pakamwa pali podzaza. Mwamuna wanga ndikumudziwa ndine."

Wáscar anaika kapu pansi monyinyirika. Koma zala sizinaiwale: pamkono, pachala chachikulu, pakati pa zala, kubwereranso pamkono. Mayi anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga, pang'onopang'ono, ndi mawu omwe aja a mapemphero. Lantigua anadzuka m'ngalande nthiti zikuwawa, analavula dzino, anatukwana. Pa mawu otukwanawo mayi anachita chizindikiro cha mtanda, kenako anawawerenga onse osadumpha. Yudelka anaseka koyamba chichitikire maliro, ndipo kusekako kunamukoma mpaka misozi.

Lantigua anakwera masitepe a nyumba ya wakupha amene ankamufunafuna. Mkati munali wina akupuma. Anagwira chitseko, n'kukankha.

Mayi anatseka buku.

"Ndiye kenako?" anafunsa Wáscar, bandeji ili m'malere.

"Wakhalitsa kutauni iwe. Bambo ako sankamalizira munthu nkhani. Ankati wodziwa mathero amangodziponya, koma wosadziwa amabisa chibwano kuti abwere wamoyo adzamve zotsala."

Wáscar anamaliza kumanga, anamenya kawiri pachibakera cha mlongo wake monga ankachitira bambo, kenako anatola chikwama cha magolovesi n'kuchikoleka paphewa pake.

"Tiye, ndikuperekeze. Dzanja lamanja usamalitsitse."

Mayi Eduvigis anapinda ngodya ya tsambalo. Analowa pabalaza, anasuntha kandulo imodzi, n'kuika kabukuko pafupi ndi chithunzi cha Nicanor.

"Yudelka," anaitana osacheuka. "Ukawine kapena ukaluze, izo n'zako. Koma Lantigua ndamusiya pakhomo. Ubwere."