Aphunzitsi Amene Atisiya Chaka Chino

Kalata ya mwezi ndi mwezi yochokera ku ofesi ya maphunziro inafika Lachiwiri. Aphunzitsi a masamu, omwe anapuma pantchito ataphunzitsa zaka makumi atatu, anaiwerengera pakhonde. Munali za denga la sukulu lodontha, za komiti yatsopano ya makolo, za tsiku la mayeso. Patsamba lomaliza panali mutu wakuti "Aphunzitsi amene atisiya chaka chino." Dzina lawo linali lachitatu.

Analiyang'ana nthawi yaitali, osamva kanthu mumtima. Linalembedwa bwinobwino, popanda chilembo cholakwika.

Masana foni ya akazi awo inayamba kulira osalekeza, anthu akupepesa maliro. Kenako kalaliki wa ku ofesi ija anaimbira aphunzitsiwo eni ake.

"Pepani bambo, ndimafuna kunena amene asiya ntchito. Tikonza m'kalata ya mwezi wamawa."

Aphunzitsiwo anayang'ana manja awo, opanda ngakhale fumbi la choko. Chipumireni, miyezi inayi yathunthu, panalibe wa kusukulu amene anawaimbirapo.

"Musavutike, mwanangu," anatero. "Zisiyeni choncho. Lero ndiye anthu andikumbuka."