Mbibu wa Kuseri kwa Hajara

Mtengo wa mbibu kuseri kwa nyumba ya Hajara ku Chipoka udabereka koyamba chaka chija sitima ya Ilala idayamba kuyenda panyanja. Njere yake sikhala m'kati, imalendewera kunsi kwa chipatso ngati impso ya mbuzi.

A Yesaya a ku Chitala, alamu ake a Hajara, adabwera kudzakhala nkhoswe pa ukwati wa mphwawo. Atangouona mtengowo adathothola njere imodzi.

"Alamu, siyani!" adakuwa Hajara. "Chikhungwa chakecho chili ndi mafuta owotcha, timayamba takazinga pamoto. Nanga si inu nomwe mumatuluka zidzolo mukakhudza utomoni wa mango? Mitengo iwiriyi ndi pachibale."

"Ine ndalima mtedza zaka makumi atatu," adatero a Yesaya. "Anthu a kunyanja mundiphunzitse kuswa mtedza?"

Adaiponya m'kamwa n'kuiluma.

Kutacha, milomo inali itatupa, matuza ali mbwee mpaka kuchibwano. Hajara adatsonya, nawatsuka ndi kasopo kake komwe ankasungira tsiku la ukwatilo. Akuchikazi anali atakhala kale pamkeka kudikira mawu a nkhoswe, koma nkhosweyo inkangoti "mmm, mmm," dovu lili chuchuchu. Mwamuna wa Hajara adangozyolika ndi manyazi.

Mkulu wina wa kuchikazi adafunsa chimene chawagwera a Yesaya.

"Palibe chawagwera, bambo," adayankha Hajara akupukuta m'manja. "Awa ndi akatswiri a mtedza. Zaka makumi atatu akhala akuukumba pansi, dzulo aupeza mumtengo."