Babu Losatentha

1.
Limawala ngati masana, silidya mayunitsi, silipsa msanga, silitentha. Anatero wogulitsa wa pa Dedza boma, akuonetsa Nangozo babu la LED.
Silitentha.
Ndiye anapiye anga aziwotha chiyani, achimwene?
Achikasu otentha aja sakubweranso, mayi. Dziko lonse lasintha.

2.
Nangozo anatsala ndi babu limodzi lakale. Linkalendewera m'khola, pamwamba pa utuchi, anapiye atalizungulira ngati ndi mayi wawo. Ankalipukuta ndi nsonga ya chitenje. Nkhuku ndi zimene zinkadyetsa banja chipumireni a Kadammanja, mwamuna wake, pa ntchito ya uphunzitsi.

3.
Juni. Maliro a mlongo wa Nangozo ku Ntcheu.
Bambo a Lonjezo, babu la m'kholamo musaligwire.
Ndamva.

4.
Zimene anapeza atabwerako:
khola lowala mbee,
babu loyera, latsopano,
anapiye ataunjikana pakona, ena pamwamba pa anzawo,
timiyendo touma,
nyerere.
Anakweza dzanja n'kugwira babulo. Silitentha.

5.
Bambo a Lonjezo, babu langa lili kuti?
Linapsa. Ndinagula lina.
Munagula lina, inu munthu wophunzitsa ana a eni zaka zonsezi osadziwa kuti mwanapiye safuna kuona koma kufunda, inu amene simunanyamulepo thumba la chakudya cha nkhuku ngakhale tsiku limodzi, mungodziwa kukhala pakhonde ndi wailesi kumvera akuluakulu akutama mababu opulumutsa magetsi, apulumutsa ndani, anthu opanga zinthu kutali uko anayamba aponda m'khola la ku Dedza mwezi wa Juni, ndipo inu kungomva chatsopano basi mwathamangira, ndimati ndasiya munthu pakhomo pano


6.
Nangozo kuchipinda sanalowekonso. Anayala mphasa m'khitchini, pafupi ndi mbaula ndi katoni ya anapiye ochepa amene anatsala. Chakudya cha mwamuna wake ankangosiya patebulo. Mbale zinkabwerera zili zodzadza. Anyanyale, anatero mumtima. Njala iwabweza.

7.
Amayi a kumpingo anabwera kudzapepesa.
Amuna ndi choncho, Nangozo.
Anga aposa.
Mmodzi anasuzumira m'khola lopanda kanthu. Koma likuwala bwino, anatero.

8.
Lamulungu m'mawa Nangozo analowa kuchipinda kukatenga chitenje cha kutchalitchi.
Kuwala kwachikasu.
Babu lake lija linali pa chingwe chimene wina analumikiza, litatsitsidwa mpaka pafupi ndi bedi. Pansi pake panagona a Kadammanja, atadzipinda, mawondo pachifuwa, msana atautchera kubabuko. Malaya anali atakwinyikira m'mwamba. Nangozo anaona nthiti. Sanakumbuke kuti thupi la mwamuna wake analiona liti komaliza.
Munati linapsa.
Mabulangete sakuthandiza, mayi a Lonjezo. Kuziziraku kukuchokera m'mafupa.
Ndiye munkadziwa kuti loyeralo silitentha.
Ndinkadziwa.
Nangozo anakhala m'mphepete mwa bedi. Babulo linkamuotcha patsaya.
Zayamba liti?
Kuchipatala anandiuza mvula isanathe.
Bwanji osandiuza ine?
A Kadammanja sanatembenuke.
Munali m'khola.