Mpando Womaliza wa Akalipentala

"Amalume, musakhalepo, mugwa," anatero Dalaivala, koma Amalume anali atakhala kale. Anatsamira kumbuyo, natsamirabe, osapeza potsamira, mpaka miyendo inakwera m'mwamba ndipo nsapato imodzi inakagwera mu utuchi.

Onse amene anali mu shedi anaseka. Kunali kuseka koyamba pakhomopo chimwalirire Akalipentala, ndipo kunawadzidzimutsa eni ake omwe. Amayi, mkazi wa malemu, anagwira pakamwa, koma mapewa ankawagwedezeka.

Tsikulo anagwirizana zoti alongosole za mu shedi: macheka, nyundo, matabwa otsala ndi mipando ya makasitomala imene inali isanatengedwe. Zonse zinali zomveka kupatula chinthu chimodzi chimene anachipeza pakona, chofunditsidwa bulangete. Pokhalira pake panali popapatiza ngati pa njinga. Chotsamira chake chinapendekera kutali, pamwamba pake atakhomerapo siponji, m'mbali muli zogwirira ziwiri. Popondera mapazi anapaika kumbuyo. Koma sandipepa anadutsamo bwino, vanishi ali waliwali.

"Alamu anga anali mmisiri, palibe angatsutse," anatero Amalume, mchimwene wawo wa Amayi, akufunafuna nsapato. "Koma apa ndiye anapangira munthu wa mawondo oyang'ana kumbuyo."

Dalaivala, mwana woyamba, anali atasiya kuseka. "Mpandowu tiuphwasule anthu asanauone. Adzati abambo manja anawathera, mutu n'kutsatira. Zimenezo ine ayi."

Pakhomo pa shedi, pa chitini cha penti, panakhala Kafupi, mzime wa m'nyumbamo. Dzinali anamupatsa ndi abambo ake, chifukwa ngakhale anakula mpaka kuyamba ntchito, msinkhu unamukanira. Anali atavula nsapato, akutikita mapazi. Kwa miyezi tsopano ankamva ngati nyerere zikuyenda m'miyendo, ndipo diso limodzi linkachita chifunga. Tsiku limene adokotala anamuuza kuti abwere adzamutape madzi a pamsana linali mawa lake. Amayi anali atanena kale kuti mwana wawo sapita, ndipo Kafupi sanali mwana wopita kumene Amayi akaniza.

Matenda a mtundu umenewu m'nyumbamo ankawadziwa. Akalipentala anakhala nawo zaka zambiri. Madzi a pamsana a munthu wabwinobwino amakhala oyera mbee, ndipo asilikali a m'thupi, timaselo tija tolimbana ndi matenda, sapezekamo ambiri. Mwa Akalipentala anali atadzazamo, ndipo m'malo mogwira akuba ankaluma mitsempha ya mwini thupi. Tsiku lina adokotala anawalola kusuzumira pa makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Anabwera kunyumba akukoka mwendo, koma ali mwee.

"Ndawaona alonda anga," anatero. "Onenepa bwino, koma ntchito saidziwa. Akumenya bwana wawo."

Kuyambira pamenepo nkhani inali ya alonda basi. Mwendo ukalemera ankati alonda aledzeranso. Mankhwala atawakhazika pansi alondawo, n'kuchepa m'madzimo, Akalipentala anabwerera ku macheka awo ndipo anapala matabwa zaka zina zambiri. Chimene chinawatenga ndi mtima, masana ena akupumula pakhonde. Koma kuwauza Amayi zimenezo kunali kutaya nthawi.

"Amayi," anayamba Dalaivala, poona mlongo wake akutikita mapazi, "galimoto ndili nayo mpaka mawa madzulo. Kafupi ndikhoza kukamusiya kuchipatala."

"Ukamusiye kuti akamuboole?"

"Akangoona ngati alonda aja alimo. Mwinanso mulibe, ndi zina."

"Abambo ako anawaboola, lero ali kuti?"

"Singano yomaliza inali chaka chatha, Amayi."

"Nanga madzi amene ankachotsawo ankawabwezeramo?"

"Amabwerera okha," anatero Kafupi motsitsa mawu. "Adokotala ananena."

"Adokotala amanena zambiri." Amayi anatola tepi yoyezera n'kuyamba kuikulunga, ngakhale inali yokulunga kale. "Inu simunalowemo m'kachipinda kaja. Ine ndinkalowa. Ndinkaimirira kutsogolo kwawo, iwo atakhala pa bedi, mutu atauika pamimba panga, msana ataupinda. Munthu wamkulu uja, thukuta kamukamu, akundifinya m'chiuno mpaka kusiya zala. Ndinapirira chifukwa anali mwamuna wanga. Koma mwana wanga ayi. Ndikuopa, mwamva? Ndikuopa. Ndinawauzanso abambo anu, tinakangana mpaka sabata yomwe anatisiya."

Amalume, amene chete amawayabwa ngati chitedze, anakhosomola, nayang'ana uku ndi uku, ndipo maso awo anagweranso pa mpando uja.

"Kapena tikuulakwira," anatero. "Kapena ndi njinga yamoto." Anautembenukira, naukwera chotang'adza, nkhope kuyang'ana chotsamira, nagwira zogwirira zija. "Vuuum. Achemwali, kwerani kumbuyo ndikakusiyeni kumsika."

Dalaivala anaseka osafuna. Kafupi nayenso anaseka. Amayi okha ndi amene sanaseke. Tepi ija inawapulumuka n'kugwa pansi.

"Achimwene, taweramirani kutsogolo."

"Ndiwonjezere liwiro?"

"Weramani, ndati. Chifuwa pa siponjipo. Mapazi pa thabwalo."

Amalume anayesa. Mawondo anagunda zogwirira, siponji inawafika pamchombo, mutu uli lende kutsogolo ngati nkhuku yonyowa. Komabe msana wawo unapindika, mafupa ake n'kuonekera m'malaya limodzilimodzi. Aliyense anazindikira chimene akuona. Umu ndi mmene munthu amakhalira akamatapidwa madzi a pamsana.

"Abambo anadzipangira okha," anatero Dalaivala pang'onopang'ono. "Kuti asamavutitse Amayi."

"Abambo ako anali atali kuposa amalume akowa. Akanakwanapo bwanji? Tayesa iwe."

Dalaivala anayesa, ndipo zinali zomvetsa chisoni kuposa za Amalume. Phazi linakana kulowa pa thabwa, chigongono chinagunda khoma. Anatsikapo akudzisisita.

Amayi anatembenukira kukhomo. Anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka ku timapazi take topanda nsapato.

"Kafupi, tabwera kuno."

Kafupi anadzuka, nayenda mosamala ngati woponda pa thonje, nakwera. Mapazi ake anafikira pa thabwa ndendende. Chifuwa chinagona pa siponji, tsaya linapeza malo ake, manja anagwera pa zogwirira osazifunafuna. Msana unapindika wokha.

"Ukumva bwanji?" anafunsa Dalaivala.

"Ndikhoza kugona tulo pano." Mawu ake ankamveka ali m'siponji. "Mwezi watha abambo anandiyeza ndi tepi. Miyendo, mikono, kuchokera m'chiuno kufika pachibwano. Ndinawafunsa kuti n'zachiyani, anati akufuna aone ngati ndayamba kukula."

Amalume anaphulika nako kuseka mpaka anakhala pansi pa mulu wa matabwa. Dalaivala ankaseka akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Amayi anagwira m'chiuno, nayang'ana kudenga la shedi ngati mwini wake wabisala pa malata.

"Munthu wamakani inu," anatero. "Ine kulankhula mpaka kuuma kukhosi, inu kumangoti chabwino mayi, chabwino mayi, kenako n'kulowa muno kumakhoma zanu. Ndimvekere akupanga mpando wa kasitomala, n'kumakubweretserani tiyi. Tiyi wanga munamwa, mkangano n'kupambananso muli m'manda."

"Ndiye tiziti bwanji za mawa?" anafunsa Dalaivala mochenjera.

"Usandithamangitse." Amayi anauzungulira mpandowo, akuugogoda ndi chala ngati ofuna kuupezera chifukwa. Sunagwedere. Anaukankha ndi bondo, koma unangoti nji. "Achipatala akalola kuti tilowe ndi chimenechi?"

"Mwina akana."

"Akane ndiwaone. Amuna anga sanapange mpando woti ukathere pakhonde la chipatala."

Kafupi anadzutsa mutu. "Ndiye kuti ndipita, Amayi?"

"Upita. Achimwene akowa akuperekeza." Anatola tepi ija pansi. "Koma ine m'kachipinda kaja sindilowa. Miyendo yanga singathenso kuimirira pamene paja, ndingakugwere. Abambo ako anadziwa zimenezo, n'chifukwa chake akupangira chogwira. Ndikadikira panja."

Kafupi anangogwedeza mutu. Anakondwa, koma osati kwambiri, ndipo aliyense anaona.

Dalaivala anati aukweze mu galimoto lero lomwe, mawa kusadzakhale chipwirikiti. Kafupi asanatsikepo, iye anagwada kutsogolo kwa mpandowo kufuna pogwira, ndipo dzanja lake linakhudza kachitsulo kunsi kwa siponji. Anakakoka. Thabwa lina, limene linapindidwa pa mahinjesi, linatsika n'kuima pa miyendo yakeyake, moyang'anizana ndi nkhope ya Kafupi. Linali pokhalira pena, pofupi, popalidwa bwino, ndipo potambalala kwambiri.

Onse analiyang'ana thabwalo, kenako anayang'ana Amayi.

"Apa ndiye sipanga," anatero Amalume. "Pangakwane anthu awiri a msinkhu wanga."

"Khalani chete, achimwene."

Amayi anakonza nsalu yawo, nakhala. Thabwa silinalire, ndipo m'mbali simunatsale malo ngakhale a chala. Mawondo awo anagundana ndi a Kafupi, nkhope zawo zinayandikana moti ankamvana mpweya.

"Koma ine anandiyeza liti?" anafunsa, misozi ikutsika, pakamwa pakuseka.

Amayi anachotsa manja a Kafupi pa zogwirira zija n'kuwaika m'manja mwawo.

"Finya," anatero. "Finya kwambiri, tiyeserere za mawa."