Pakamwa pa Tier

"Iwe Tier, pakamwa pakopo upasiye m'galimoto momwemuno," anatero Tota Wari akumanga mpango. "Oyimbira masiku ano sanyengerera. Usakhalenso kuseri kwa golo, kampira kaja n'kolimba, kangakugulule mano."

"Amayi, inu chilichonse mantha," anaseka Tier, mwana wawo wachisamba, bambo wamkulu ndithu wa imvi zake.

Mantha a Tota sanali opanda mutu. Sawatis, mwana wa Tieryo, anali atasewera lakrosi, mpira woponya ndi ndodo, nyengo yonse kwawo ku Akwesasne osagoletsa n'kamodzi komwe, ndipo awa anali masewero otsiriza. Tier ankafunitsitsa kuona chigoli choyambacho ndi maso ake. Koma m'masewero a ana, kholo likanyoza woyimbira, mpira umaima mpaka kholo lija litatuluka.

Woyimbira tsikulo anali Sose, mnyamata wa nyumba yoyandikana nawo, ndevu zisanamere n'komwe.

Ana analowa m'holo ya masewero, zipewa zolimba kumutu, ndodo zamaukonde m'manja. Posakhalitsa wa timu inayo anam'menya Sawatis ndi ndodo pamkono. Wenzulo zii.

"Sose!" anakuwa Tier. "Maso wawasiya kunyumba?"

"Khala pansi, mwana iwe," Tota anamukoka malaya.

"Iwe Sose, ndinkakupukuta mamina ine! Wenzuloyo anakupatsa kuti uziyamwa?"

Apo ndiye inalira. Sose anabwera kwa Tier.

"Pepani amalume, tulukani."

"Ndani? Ine?"

"Inuyo. Mukakhala, ana sasewera."

Ana onse anaima n'kumamuyang'ana. Sawatis analoza chitseko ndi ndodo. "Ababa, chonde, tazipitani."

Tier anatuluka akung'ung'udza, chitseko n'kudzitseka pambuyo pake.

Chakumapeto Sawatis anawakha mpira n'kuliyatsa liwiro kulunjika kwa goloboyi, chimwana chachikulu ngati kabati. Tota anaona kuti apa pathyoka munthu. Kenaka holo yonse inaphulika, anthu akuimba dzina la Sawatis.

Tota anam'peza Tier panja, akudzikanda, udzudzu wakumtsinje utam'dya khosi lonse.

"Amayi, ndamva phokoso! Wagoletsa bwanji? Pamwamba? Pakati pa miyendo?"

"Ndidziwa bwanji? Ndinatsinzina."

Tier anam'funsa Sawatis, koma mwanayo anangoti, "Ndinangoponya, Ababa." Munthu amene anaima pafupi n'kuona zonse bwinobwino anali mmodzi yekha.

M'mawa mwake Tota anasuzumira pazenera n'kumuona Tier ataima pakhomo pa Sose, chipewa chili m'manja, akugogoda mwaulemu.